Giyabokosi yachilendo siilumikizidwa ku injini ndi diso lokha

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanuyi ndiyankhule ndi amakaniko anzanga komanso eni magalimoto akale amene masiku ano akutibweretsera injini zogula padera kuti tiwaikire. Ine ndine makaniko, ndimagwirira ntchito pa boma pa Ntcheu, ndipo sipanala ndinayamba kuigwira ndili mnyamata m'zaka za m'ma 1990. Chandilembetsa ndi Hilux ya alamu anga, imene inagona pagalaja panga miyezi iwiri chifukwa cha ntchito imene munthu wina anaithamangira n'kuimaliza m'masiku atatu.

Galimotoyo ndi Hilux yakale ija ya LN106, yokoka matayala onse anayi. Inabwera ndi injini ya 3L, dizilo ya malita 2.8 yopanda turbo. Alamu anga amanyamulira mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Tsangano kupita nazo ku Blantyre, ndipo amene anayendapo msewu wa ku Tsangano nthawi ya mvula akudziwa chimene galimoto imakumana nacho kumeneko. Injini ija inatopa. Utsi unali tolo, oyilo ankathira ngati akuthirira dimba, ndipo buloko inali itapalidwa kale mpaka pomalizira. Atasakasaka anapeza injini ya 1KZ-TE yochotsedwa mu Hilux Surf ya ku Japan. Imeneyi ndi ya malita 3.0, ili ndi turbo, ndipo pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta. Pa mphamvu yopotokola shafiti, 3L imafika cha m'ma 190 Nm pamene 1KZ-TE imafika cha m'ma 290 Nm. Ndiye kuti pa mphamvu yakale mwawonjezerapo theka lina.

Vuto linali limodzi. Surf ija inali ya otomatiki, monga alili magalimoto ambiri amene timagula ku Japan, pamene Hilux ya alamu inali ndi giyabokosi yake yamanyuwale ya mtundu wa G. Kumbuyo kwa injini ya KZ ndi kumbuyo kwa injini ya L mabowo a mabawuti sagwirizana. Ine nthawi imeneyo ndinali kumudzi kumaliro, ndipo alamu, poona kuti mbatatesi zakhwima ndipo anzawo akupita kumsika, anaitengera kugalaja ina m'tauni. Sinditchula malo ngakhale munthu, chifukwa cholinga changa si kuchititsa wina manyazi.

Kumeneko anachita zimene ndaziwonapo kambirimbiri. Anatenga bell housing, chigoba chonga mphika chija chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi, ya ku otomatiki n'kuidula pakati. Anatenganso ya giyabokosi yakale n'kuidula. Kenako anaphatikiza theka ndi theka pansi pa simenti n'kuwotcherera. Pomanga, mabowo ena sanafikane, ndiye anawakuza ndi fayilo. Tizikhomo tiwiri tachitsulo timene timati ma dowel tinkakana kulowa, ndiye anatizula n'kutitaya. Galimoto inalira, magiya analowa, alamu analipira n'kubwerera akumwetulira. Kunena zoona, pamtunda wa Bembeke imakwera ngati yopanda katundu.

Sipanathe milungu isanu ndi umodzi. Poyamba kunamveka kaphokoso kong'ung'uza galimoto ikaima pa nyutilo, kamene kamasiya akaponda kilachi. Kenako giya yachinayi inayamba kudzichotsa yokha akangochotsa phazi pa mafuta, mpaka alamu anazolowera kuyendetsa dzanja lamanzere litagwira ndodo ya magiya. Kenako kilachi inayamba kutereka pamitunda. Tsiku lomaliza anali pa Phalula usiku, matumba ali phamphu, anangomva kuti gwa! Injini ikulira bwinobwino koma galimoto osayenda. Mbatatesi zija anazigulitsa pomwepo m'mawa mwake kwa ogula amene ankaona okha kuti mwiniwake alibe pothawira. Ndalama imene anataya tsiku limenelo inaposa imene anapulumutsa pothamangira ntchito yotchipa.

Titaikoka n'kufika nayo kwathu, ndinayamba ndi kutsitsa oyilo wa m'giyabokosi. Ankanyezimira padzuwa ngati mwathiramo mchenga wa kunyanja, ndipo pa maginito a bawuti yotsitsira panali tizitsulo titaima njo ngati ubweya. Titatsitsa giyabokosi, pakati pa kilachi puleti panali patathyoka mozungulira, masipuling'i ake ali mbwee pansi pa bell housing, zonse zitanyowa ndi oyilo wodutsa pa silu yakutsogolo, kamphira kotchinga oyilo kuti asatuluke. Shafiti yakutsogolo ija timati sipigoti ndinaigwira ndi zala ziwiri, imagwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Nditaunika ndi tochi kumbuyo kwa kiranki, shafiti yaikulu ya injini, pamene pamayenera kukhala kabeling'i kolandira nsonga ya sipigoti, panali bowo lokhalokha. Injini yochokera ku otomatiki siikhala ndi kabeling'i kameneka chifukwa kumeneko sikafunika, ndipo palibe amene anakumbuka kukaika.

Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri chinali fulayiwilo, chimbale chachitsulo chomangidwa kumbuyo kwa kiranki pamene kilachi imagwira. Inali ya injini ina, mabowo ake atabooledwanso ndi dirilo yapamanja, ndipo inamangidwa ndi mabawuti aafupi a puleti yopyapyala ya ku otomatiki. Mabawutiwo ankangogwira ndi mazinga ochepa. Awiri anali atamasuka kale moti ndinawatembenuza ndi dzanja. A Mkonzi, fulayiwilo ndi chitsulo cholemera, chimazungulira pafupi ndi miyendo ya dalaivala ndi ya wokhala pambali pake. Chikaguluka injini ili pa liwiro, aluminiyamu ya bell housing ndi lata la pansi pa galimoto sizingachiletse. Kutsogolo kwa Hilux imeneyi nthawi zambiri kumakhala mlongo wanga. Usiku umenewo sindinagone bwino.

Ndifotokoze pamene pagona nkhani yonse, chifukwa ambiri amaganiza kuti mabawuti akalowa ndiye kuti ntchito yatha. Mabawuti ntchito yake ndi kufinya zitsulo ziwiri pamodzi basi. Chimene chimaika giyabokosi pakatikati penipeni pa injini ndi ma dowel aja. Kiranki ndi sipigoti ziyenera kukhala pa mzere umodzi ngati ndi chitsulo chimodzi. Muyezo umene opanga magiyabokosi ambiri amalola kuti ziphonyane ndi pafupifupi 0.13 mm, kungoposa pang'ono kuchindikala kwa pepala la m'kope. Palibe diso la munthu limene lingaone zimenezo, ngakhale la mmisiri wa zaka makumi anayi. Zikaphonyana, kilachi puleti imapindika uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse. Injini ikamazungulira ka 2,500 pa mphindi, ndiye kuti ikupindika koposa ka 40 pa sekondi imodzi. Tonse tinathyolapo waya poupinda uku ndi uku tili ana popanga magalimoto a mawaya. N'zomwezo zimene zimachitika m'katimo, ndipo beling'i yakutsogolo, silu ndi mano a giya yachinayi zimalandira nawo chilangocho.

Kuyeza kwake si kovuta. Pali kawotchi kena kotchedwa dial gauge, kokhala ndi phazi la maginito. Mumamanga bell housing yokha ku injini, n'kumata kawotchiko pa fulayiwilo, kansonga kake kakukhudza m'mphepete mwa bowo lalikulu limene giyabokosi imakhalamo. Mnyamata amatembenuza injini pang'onopang'ono ndi sipanala kutsogolo, inu maso ali pa muvi. Kusiyana kwa pamene muvi wakwera kwambiri ndi pamene watsika kwambiri mumakugawa pawiri, ndiye kuphonya kwanu. Pa bell housing yowotcherera ija muvi unazungulira kuposa kawiri. Inaphonya ndi milimita yathunthu n'kanthu, komanso nkhope yake inali yopendekeka chifukwa aluminiyamu imakokeka ikatenthedwa. Ndinawaitana alamu kuti adzaone okha muviwo ukuyenda, ndipo sanayankhule kanthu.

Tsono tinakhala pansi kuganiza zoyambiranso. Ine ndinakana kubwezeramo giyabokosi ya G, ngakhale tikanapeza ina yabwino. Inapangidwira injini zofatsa ngati 3L, ndipo kuipatsa mphamvu ya KZ ndi katundu wa mbatatesi pamwamba n'kusenzetsa mwana thumba la akulu. Kampani ya Toyota yokha, poika KZ m'magalimoto amanyuwale, inkagwiritsa magiyabokosi a mtundu wa R, amene ali ndi mashafiti ndi mabeling'i akuluakulu. Titafufuza m'malo ogulitsa zitsulo zakale ku Lilongwe tinapeza R150F yochokera mu Surf ya petulo ya V6. Ndinaumirira kuti tigule pamodzi ndi thiransifa yake, bokosi lija logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa shafiti yotulukira kumbuyo kwa R ili ndi mano 23 pamene ya giyabokosi yathu yakale ili ndi 21. Ndinaonetsetsanso kuti pulopushafiti yakutsogolo ikutulukira mbali imene kuli difu yathu. Kanthu kameneka kaiwalitsa anthu ndalama zambiri.

Ubwino wa magiyabokosi a R ndi wakuti bell housing yake imamasulidwa. Njira yowongoka, imene ndingalangize aliyense, ndi kupeza bell housing ya KZ yamanyuwale n'kumangapo, ngakhale apo pomwe muyenera kuyeza chifukwa masipigoti a R amasiyana utali malinga ndi chaka ndi galimoto imene inachokera. Ife tinaisaka ku Lilongwe ndi ku Blantyre osaipeza. Tinafunsa anyamata opita ku Johannesburg, koma apa n'kuti kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo umene anatiuza alamu sakanaukwanitsa atataya kale katundu pa Phalula. Choncho tinagula bell housing ina ya KZ ya otomatiki, yosadula, pakuti zimenezo zili mbwee. Mbali ya ku injini inali yolondola kale: mabowo, ma dowel ndi malo a sitata. Chotsala chinali kupanga puleti yolumikiza kumbuyo kwake ndi giyabokosi ya R.

Ntchito imeneyi ndinapita nayo kwa mkulu wina wa lathe, makina osemera zitsulo, ku Limbe, bambo wa imvi amene anagwirapo ntchito m'mafakitale zaka zambiri. Nditayamba kufotokoza anandidula. "Mwana wanga, nkhani sindisema. Ndipatse manambala." Ndinabwerera ku Ntcheu wopanda kanthu m'manja, koma ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinaika kabeling'i katsopano m'kiranki, ndinamanga fulayiwilo yeniyeni ya KZ imene mwamwayi tinaipeza, ndi kilachi yake. Kenako ndinayala lula yachitsulo pankhope ya bell housing n'kuyeza ndi veniya, kachida koyezera timiyezo ting'onoting'ono, kuya kwake kukafika pa kabeling'i, kukafika pa mano a kilachi puleti, ndi kukafika pa zala za pulesha puleti. Ku giyabokosi ndinayeza kutalika kwa sipigoti, pamene mano ake ayambira ndi pamene athera. Muyezo uliwonse ndinaubwereza katatu n'kulemba kuseri kwa katoni ya fyuluta.

Manambala amenewa ndi amene amanena kuchindikala kwa puleti. Ikachindikala kwambiri, nsonga ya sipigoti siifika m'kabeling'i ndipo mwabwerera ku vuto lakale lija. Ikapyapyala, sipigoti imagunda pansi pa bowo n'kumakankha kiranki kutsogolo usana ndi usiku, mpaka ma thrust washer a injini, tizitsulo toletsa kiranki kusuntha kutsogolo ndi kumbuyo, atadyeka, ndipo pamenepo mwapha injini imene munaigula modula. Choopsa n'chakuti mukhoza kukoka giyabokosi ndi mabawuti mpaka itatsekeka, osadziwa kuti m'kati mwapanikizana. Giyabokosi iyenera kufika yokha pankhope ndi manja. Ikatsala ndi mpata ngakhale wolowa chikhadabo, tsitsani muone chimene chagwira.

Nditabwerera ku Limbe ndinakhala tsiku lonse ndikuonerera. Mkulu uja anasema mphete mbali imodzi ya puleti yolowa ndendende m'bowo lozungulira la bell housing, muja munkakhala pampu ya oyilo wa otomatiki, ndipo pakati anaboola bowo logwira chivundikiro cha beling'i ya giyabokosi. Zonse ziwiri anazisema chitsulo chili chimangire pa makina, osachimasula. Anati ukachimasula n'kuchimanganso, pakati pasuntha. Mabowo a mabawuti anaboola pomalizira, ndipo sanawade nkhawa kwenikweni. Ankayesa mphete ija kangapo, kuchotsako pang'ono ngati fumbi, kuyesanso, mpaka inalowa ndi kugogoda kwa chikhatho. Titamanga zonse kwathu n'kuikanso kawotchi, kuphonya kunali 0.08 mm.

Panatsala kuponda kwa kilachi, pakuti bell housing ya otomatiki ilibe zenera la foloko, kachitsulo kokankha kilachi kuti imasuke. Ena amaika silevu (kasilinda ka oyilo kokankha kilachi mukaiponda) yozungulira sipigoti m'katimo. Imagwira bwino, koma ine ndinaikana. Ikadontha muyenera kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo simungaipeze pa Tsangano kapena pa Lizulu. Tinaboola zenera mosamala ndi dirilo ndi fayilo, makona ake tinawazunguliza kuti mng'alu usayambirepo, tinaika kabawuti kamutu wobulungira kotsamirapo foloko pa puleti ija, ndipo silevu wamba ya Toyota tinaimangira kunja pa bulaketi yochindikala. Apa tinatsitsa ndi kukweza giyabokosi kanayi tisanakhutire ndi kaimidwe ka foloko. Anyamata anga anadandaula, koma foloko ikaima mopendekeka kwambiri kilachi imalemera ndipo siimasula bwino. Sitata tinaiyesa popaka girizi woyera pa mano a fulayiwilo kuti tione ngati ikuluma mokwanira.

Zotsalazo ndi ntchito imene makaniko aliyense amaidziwa, ingofuna kudekha. Mtanda wonyamula giyabokosi tinausuntha, mapulopushafiti onse awiri anakonzedwa utali pa lathe mafoloko ake atayang'anizana bwino, bowo la ndodo za magiya tinalikuza pang'ono, nyali za livesi ndi sipidomita tinazilumikiza. Mawaya a switchi imene imaletsa otomatiki kulira ili m'giya tinawakonza kuti sitata izizungulira. Oyilo tinathira 75W-90. Ladiyeta ndinaikamo yaikulu, chifukwa KZ ili ndi hedi ya aluminiyamu imene imang'aluka ikangotenthedwa, ndipo aliyense amene anakhalapo ndi injini imeneyi akudziwa. Mabuleki ndinawakonza onse anayi ngakhale alamu sanandipemphe. Galimoto imene yayamba kukwera msanga ndi katundu wambiri imayeneranso kuima potsika Khwekhwerere.

Ndinawauzanso alamu za magiya awo atsopano. Giya yoyamba ya R150F ndi 3.83, pamene mbale wake R151F ali ndi 4.31 (nambala ikakula, giya imakoka mwamphamvu), imene ikanakhala yabwino koposa ponyamuka ndi katundu pamtunda. Tinagula imene inapezeka. Choncho akaima pamtunda wa dothi atadzaza, alowetse giya yaing'ono ya thiransifa m'malo mootcha kilachi. Giya yachisanu, imene ndi 0.838, aisunge pobwerera opanda katundu. Akalemedwa ayende pa yachinayi, chifukwa pamenepo mphamvu imangodutsa molunjika osadalira mano a magiya ang'onoang'ono. Madalaivala ambiri amathamangira yachisanu poganiza kuti akupulumutsa dizilo, kenako amabwera kwa ife ikulira ngati mphaka.

Tsono pempho langa. Ine sindikutsutsa zoika injini ndi magiyabokosi achilendo. M'dziko muno ndi anthu angati angagule pikiapu yatsopano? Magalimoto akalewa ndi amene amatulutsa mbewu kumidzi, amanyamula odwala ndi maliro, ndipo akuyendabe chifukwa cha luso la amakaniko a pansi pa mtengo. Mnzanga amene anawotcherera bell housing ija sindimuyesa wakuba. Kuwotcherera kwake kunali kokongola ndithu, ndipo aluminiyamu si aliyense amaitha. Chimene analibe ndi kawotchi, ndi munthu womuuza kuti ma dowel satayidwa. Mwinanso alamu anga omwe ankamuima pamsana kuti amalize msanga. Safunsa anadya phula, koma nthawi zina munthu amasowa womufunsa.

Kwa a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche, Nasawa ndi Mzuzu, ndikupempha kuti muganizire maphunziro aafupi, ngakhale a sabata imodzi, a amakaniko amene ali kale pantchito, okhudza kuphatikiza injini ndi giyabokosi zosabadwira pamodzi. Ntchito imeneyi ikuchitika tsiku ndi tsiku m'magalaja athu, ndipo idzachulukirabe pamene magalimoto a otomatiki a ku Japan akukalamba. Kwa amakaniko anzanga, ngati mmodzi sangathe kugula dial gauge, veniya ndi torque wrench, sonkhanani asanu mugule zogwiritsa nonse, monga timachitira ndi cheni buloko. Kwa eni magalimoto, musanalipire funsani ngati ma dowel onse awiri alimo, ngati kabeling'i ka sipigoti kaikidwa, ngati fulayiwilo ndi mabawuti ake ndi za injini imeneyo, ndipo pemphani kuti akuonetseni muvi wa kawotchi ndi maso anu. Makaniko woona sangakwiye ndi mafunso amenewa. Mukatha, pitani ku Road Traffic mukasinthitse nambala ya injini m'mapepala a galimoto, kuti musadzavutike pa COF, chiphaso chakuti galimoto ndi yoyenera pamsewu, kapena ndi a inshulansi tsiku la ngozi.

Hilux ya alamu yayenda tsopano nyengo ziwiri za mbatatesi. Mwezi watha inabwera kudzasintha oyilo, ndipo pa maginito a bawuti panali kaphulusa kochepa kamene ndinapukuta ndi chala chimodzi. Bell housing yowotcherera ija ndinaipachika pakhoma m'galaja, pamodzi ndi kilachi puleti yothyokayo, ndipo mnyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito ndimayamba kumuonetsa zimenezo. Kawotchi kanga ndi kakale, galasi lake linang'ambika pakona, koma kamayeza bwino. Makaniko aliyense wa kuno ku Ntcheu, ku Lizulu kapena ku Balaka amene ali ndi ntchito yotere pakali pano, andifunse pa boma Loweruka m'mawa, ndidzabwera nako tidzayezere limodzi asanakweze giyabokosi.

Makaniko wodera nkhawa,
Ntcheu